Kamera ya Pakhonde la Amayi

Katunduyo anafika m'nyengo yokolola mpunga, mwera utayamba kale kuwomba. Anabwera naye dalaivala wa thiraki wa kwathu konkuno amene amayenda ulendo wa ku Joni, n'kumutsitsa pasitolo ya amalume, m'mbali mwa msewu waukulu chakufupi ndi mlatho wa Chia. Munali mafuta odzola, nsapato za amayi, ndi mabokosi awiri ang'onoang'ono. M'bokosi lina munali kamera, m'linalo munali rauta, kachipangizo kogawa intaneti m'nyumba.

Anatumiza ndi achemwali anga oyamba kubadwa, amene amagwira ntchito ya m'nyumba ku Joni. Katunduyo asanafike n'komwe anali atandiimbira kale.

"Iwe si unaphunzira za makompyuta? Ndikufuna ndiziwaona amayi pafoni panga nthawi iliyonse imene ndafuna. Usandiuze zoti n'zovuta."

Ine nthawi imeneyo ndinali nditabwerera kumudzi kuchokera ku Lilongwe, kumene ndinamaliza dipuloma n'kumangozungulira m'maofesi ndi envulopu m'manja. Amayi atagwa kumunda chifukwa cha kuthamanga kwa magazi, abale anagwirizana kuti amene sali pantchito ndiye apite akakhale nawo. Sindinakane, koma mtima sunakhale pansi. Ndinkati ndikasesa pabwalo ndi kuthandiza amalume kutsegula sitolo, ndinkasowa chochita ndi manja anga. Ndinkayima pamsewu kumaonerera mabasi a ku Salima ndi a ku Dwangwa, kubwerera kunyumba, kukhala pang'ono, kenaka n'kupezeka ndili pamsewu pomwe paja. Choncho ntchito ya kamerayi ndinailandira ndi manja awiri. Ndinkaganiza kuti ndi ya tsiku limodzi.

Kwathu netiweki imagwira bwino kumsewu kokha. Amalume anali nayo kale rauta yawo yolowa simu khadi, ataiyika pamwamba pa shelefu ya sopo, ndipo ndi imene ankalandirira maoda a mpunga kuchokera kwa makasitomala awo a m'tauni. Nyumba ya amayi ili kumunsi, chakudambo, kuseri kwa mitengo ya mango ndi munda wa chinangwa. Si patali, munthu akafuula kusitolo kunyumba amamva, koma foni ukafika nayo kumeneko imangotsala ndi kandodo kamodzi. Ndinakumba kangalande kuchokera kusitolo, kulambalala mundawo, n'kukwiriramo waya ali m'paipi yakuda.

Amayi ankandiyang'ana ali pamphasa, akupeta mpunga.

"Ukutibweretsera madzi?"

"Ayi amayi, intaneti."

"Madzi akanakhala bwino."

Za kamera tinali titawauza. Anangoti, "Chitani zimene mwagwirizana," maso ali palichero.

Kamerayo ndinaikhomera pansi pa denga la khonde, kuti izitha kuona chitseko, mtondo, ndi malo amene amayi amakonda kukhala. Rauta yatsopano ndinaiyika pawindo, n'kuilumikiza kubatire ya sola. Zonse zinayaka. Ndikaima pakhonde pomwepo, chithunzi chinkaoneka bwinobwino palaputopu yanga. Vuto linali lakuti achemwali sanali pakhonde, anali ku Joni.

Amene sanatsegulepo tsamba la m'kati mwa rauta ndimufotokozere pang'ono. Chipangizo chilichonse cha m'nyumba, kaya foni kaya kamera, chimapatsidwa nambala yake, adiresi, koma manambala amenewo amadziwika m'nyumba momwemo basi. Kunja anthu amaona adiresi imodzi yokha, ya rauta. Foni ikapempha kanthu pa intaneti, rauta imachotsa adiresi ya foniyo n'kuikapo yake, n'kumakumbukira kuti yankho likabwera lipite kwa ndani. Ntchito imeneyi amaitchula NAT. Imayenda bwino ngati woyamba kulankhula ali m'kati. Koma munthu wakunja akabwera yekha osaitanidwa, rauta sidziwa kuti imupereke kwa ndani, ndiye imangomutaya. Umayenera kuiuza kuti amene wafika pa poti yakutiyakuti, imene ili ngati khomo lokhala ndi nambala, uzimupititsa kwa kamera.

Zimenezi ndinazilemba pamayeso n'kukhoza. Koma kusukulu rauta inali imodzi, apa zinali ziwiri, ina kumbuyo kwa inzake, ndipo zonse zinabwera ndi manambala ofanana kuchokera kufakitale. Ndikalemba adiresi kuti nditsegule ya amayi, nthawi zina inkatseguka ya amalume. Ndinasintha manambala a rauta ya amayi kuti asiyane, koma ndinasindikiza batani losunga ndisanawerengenso bwino, ndipo tsambalo linazima. Rauta inali yoyaka, timagetsi take tikuphethira, koma sinkandidziwanso. Ndinayesa adiresi yakale, ndinayesa yatsopano, ndinazula waya n'kubwezeretsa. Pamapeto pake ndinapita kwa amayi kukapempha pini ya pampango wawo, n'kubaya nayo kabowo kakumbuyo kuti rauta iiwale zonse ndiyambirenso.

Masiku otsatirawo ndinakhalira kuyenda pakati pa sitolo ndi nyumba, laputopu ili m'khwapa. Ndinaipatsa kamera adiresi yosasintha. Ndinatsegula poti pa rauta ya amayi kuloza kukamera, n'kutsegulanso ina pa ya amalume kuloza kwa ya amayi. Kenaka ndinaona kuti kusintha adiresi kawiri n'kudzivutitsa, ndiye ndinazimitsa NAT pa rauta ya amayi, n'kulemba njira pa ya amalume yoiuza kuti chilichonse chopita kumanambala a kunyumba chizidzera muwaya wa m'ngalande uja. Ndikasintha kanthu kamodzi ndinkathamangira kumlatho, kuzimitsa wayifayi pafoni, n'kuyesa kulowa ngati munthu wakunja. Kachizindikiro kankazungulira, kuzungulira, kenaka n'kulemba kuti zakanika. Amayi ogulitsa nsomba pamlathopo anayamba kundifunsa ngati ndikudikira mlendo.

Nthawi iliyonse imene ndinkazimitsa ndi kuyatsanso rauta ya kusitolo, amalume ankakweza foni yawo m'mwamba ngati akuiyanika padzuwa.

"Mphwanga, wandipheranso intaneti."

"Ibwera pompano, amalume."

"Dzulo unateronso."

Sankakalipa. Ankangovala kofia yawo, kukhoma sitolo, n'kupita ku swala ya masana, ine n'kutsala panja ndi laputopu pamiyendo, fumbi la mwera likundilowa m'maso.

Achemwali ankaimba m'mawa akupita kuntchito, n'kuimbanso akaweruka.

"Zafika pati?"

"Zatsala pang'ono."

"Kuno mwana wa abwana anga anaika yake osatuluka n'thukuta lomwe."

"Kuno si ku Joni, achemwali."

"Ndiye sukulu yonse ija inali ya chiyani?"

Funso limeneli ndinkadzifunsanso ndekha.

Chimene chinkandilepheretsa ndinachipeza mwangozi. Ndinayang'ana adiresi yakunja imene rauta ya amalume inkati ndi yake, n'kuiyerekeza ndi imene tsamba lina la pa intaneti linkati likuiona. Zinali zosiyana. Ndinaimbira kukampani ya foni, ndipo mtsikana amene anayankha anandifotokozera mwaulemu kuti makasitomala wamba ambirimbiri amagawana adiresi imodzi yakunja, ndipo adiresi ya wekha amapereka kwa a mabizinezi akuluakulu. Kutanthauza kuti kutsogolo kwa marauta athu awiri kunali rauta yachitatu, yaikulu, ya eni ake, imene inkachitanso NAT yomweyo, ndipo imeneyo sindikanatha kuikhudza. Mapoti onse amene ndinatsegula anali otseguka ndithu, koma palibe amene akanafikapo.

Tsiku limenelo sindinadye masana. Ndinayenda wapansi mpaka kumadimba a mpunga, kumene anthu anali pakalikiliki kumweta ndi kupuntha, n'kubwerera osalankhula ndi munthu.

Ndinali ndi mnzanga wa kukoleji amene anapeza ntchito ku Lilongwe. Ndinkazengereza kumuimbira, chifukwa nthawi zonse akayankha ndinkamva phokoso la mu ofesi kumbuyo kwake, matelefoni ndi anthu akuseka, ndipo ndikadula ndinkakhala wosakondwa tsiku lonse. Koma ndinaimba. Anandimvetsera mpaka kumapeto.

"Usadikire kuti munthu akulowere," anatero. "Rauta yakoyo ndiyo iyambe kutuluka. Ndili ndi kaseva kanga, kakompyuta ka pa intaneti koyeserera zinthu. Rauta yako ilumikizane nako n'kugwiritsitsa osasiya, foni ya achemwali ako ilumikizanenso nako, akumane pamenepo. Ndi VPN basi, tinaphunzira limodzi."

Anandipatsa makiyi ake, manambala achinsinsi olowera nawo kusevako. Mwamwayi rauta imene achemwali anagula inali yotha zimenezi. Komabe panali njira zoti ndilembe: seva idziwe kuti manambala a kunyumba kwa amayi akupezeka kudzera mwa ndani, ndipo rauta idziwe chimene chiyenera kudzera kuseva ndi chimene chiyenera kungotuluka mwa masiku onse. Poyamba ndinasokoneza. Pofuna kuti ndizithanso kufikira rauta ya kusitolo ndili kutali, ndinalemba njira imene inatumiza zonse za kusitolo kuti zizitsikira kaye kunyumba kwa amayi, kupita kuseva, kenaka n'kumapita kumene zimapita. Zithunzi za matumba a mpunga zimene amalume ankatumizira kasitomala wawo zinakhala zikuzungulira m'mawa wonse.

"Mphwanga," anatero amalume, "ine sindikudziwa zimene ukuchita, koma kale zinthu zinkayenda."

Ndinafufuta mzere umenewo n'kulemba wina wopapatiza, wa kamera yokha.

Linali Lachisanu, anthu atangotuluka kumzikiti, pamene ndinapitanso kumlatho. Ndinazimitsa wayifayi, n'kutsegula. Kachizindikiro kanazungulira kamodzi, kenaka pafoni panga panabwera khonde lathu: mtondo, lichero litatsamira khoma, nkhuku ikutola mpunga wotayika. Ndinaima pamenepo magalimoto akundidutsa, ndikuonerera nkhukuyo ngati sindinaonepo nkhuku. Ndinawatumizira achemwali malangizo a zoti asindikize, n'kuyamba kubwerera mwachifatse, kwa nthawi yoyamba m'masabata amenewo.

Ndisanafike kumitengo ya mango ndinamva mawu a achemwali akuchokera kunyumba, okwera, ophwanyika ngati a pawailesi yakutha batire.

"Amayi, tsitsani thumbalo! A dokotala anati chiyani?"

Kamerayo inali ndi sipika, ndipo ine ndinali nditaiwala zoti ilipo. Nditafika ndinapeza thumba la mpunga wosapuntha lili pansi litang'ambika pakamwa, amayi ataima chilili akuyang'ana kudenga, dzanja lili pamtima. Amayi awiri oyandikana nawo nyumba, amene anabwera kudzawathandiza kuanika mpunga, anali atagwira pakamwa kubisa kuseka. Khoma linapitiriza kulankhula, kufunsa ngati amwa mankhwala, kufunsa kuti ine ndili kuti. Amayi anakonza mpango wawo n'kulowa m'nyumba.

Kuyambira tsiku limenelo pakhonde panazizira. Amayi anasamutsira mphasa ndi mtondo kuseri kwa nyumba, kumene kuli dzuwa ndi fungo la khola la mbuzi. Akafuna kutuluka ankadzera khomo la kumbuyo. Anzawo amene ankabwera madzulo kudzasenda chinangwa cha kondowole akucheza anasiya kubwera, ndipo mmodzi anandiuza pachitsime kuti sangamalankhule pamalo pamene khoma lili ndi makutu a ku Joni.

Foni yanga ndiye inasowa mtendere.

"Ali kuti? Kuyambira m'mawa sindinawaone."

"Ali kuseri."

"Akutani kuseri? Pita ukaone."

Nthawi zina linkakhala funso la ine. Unatuluka m'mawa, wabwera dzuwa lili pamutu, unali kuti. Ndinayamba nanenso kudzera khomo la kumbuyo. Ndinkadziwa kuti achemwali sakuchita nkhanza. Tsiku limene amayi anagwa, iwo anamva mochedwa kuposa wina aliyense, ali pa basi, ndipo analira mpaka anthu osawadziwa anawatsitsa. Koma kudziwa zimenezo sikunandithandize kukhala pansi. Chinthu chimene ndinachivutikira chija chinali chikugwira ntchito bwino lomwe, ndipo pakhomo panalibe amene ankakondwa nacho.

Tsiku lina masana amayi anandiitana kuseri kuja. Anali akusankha nyemba.

"Njira unakumba ija, imangopita kokha, kapena imabweranso?"

Ndinawafunsa chimene akutanthauza.

"Iyeyo akundiona. Nanga ine ndimuona bwanji?"

Ndinati zimenezo n'zosavuta, achemwali atha kuimba foni ya vidiyo monga amachitira pa Idi.

"Foni imeneyo amaimba ali pamsewu, kumbuyo kwake kuli masitolo a magalasi. Ine masitolo sindikuwafuna. Iye waona pamene ndimakhala, pamene ndimadyera, ngakhale pamene ndimayanika zovala zanga. Nanenso ndione pamene amagona."

Madzulo achemwali ataimba ndinawauza mawu amenewa monga anayankhulidwira. Kumbuyo kwawo ndinkamva magalimoto a kumeneko.

"Kuno n'kwa eni, salola kujambula."

"Ndiwauze choncho?"

"Uwauze zimene ukufuna."

Anadula. Panapita masiku osaimba. Ine ndinkatsegula tsamba la seva n'kuona kuti foni yawo ikulumikizabe m'mawa ndi madzulo, kuyang'ana khonde lopanda munthu. Ndinkafuna kuwaimbira, n'kusiya. Ndinkafuna kuzula kamera, n'kusiyanso, poti sinali yanga.

Lamlungu masana foni inalira, ya vidiyo. Ndinathamanga nayo kwa amayi, n'kukhala nawo pamphasa pafupi ndi windo, pamene wayifayi imagwira bwino. Achemwali anali atavala chijuzi ndi chipewa cha ubweya, chifukwa kumeneko inali nyengo yozizira. Sanapereke moni wautali. Anangotembenuza foni n'kuyamba kuyendetsa pang'onopang'ono.

Kanali kachipinda ka malata, kumbuyo kwa nyumba ya munthu wina. Bedi limodzi, limene anati amagonapo awiri ndi mayi wina wa ku Mangochi. Sitovu ya palafini pansi, ndowa, mapoto awiri, zovala zopachikidwa pamsomali, masutikesi osanjikizana mpaka kudenga. M'mipata ya malata anatsekamo manyuzipepala. Foni inazungulira n'kubwerera pabedi pomwe paja, chifukwa panalibenso china choonetsa.

Amayi anayandikitsa nkhope.

"Windo lili kuti?"

"Palibe, amayi."

"Nanga utsi wa sitovuyo umatulukira pati?"

"Timatsegula chitseko."

"Swala umaswalira pati?"

"Apa. Ndimakankha ndowayi."

Amayi anafunsa za madzi, za chimbudzi, za chimene amafunda, za mayi wa ku Mangochi uja ngati ndi munthu wabwino. Anafunsa mmene amafunsira munthu akabwera kuchipatala, osakweza mawu, osadandaula. Achemwali ankayankha mwachidule, kenaka anatembenuzira foni kunkhope kwawo, maso ali ofiira.

"Sindinkafuna kuti muone."

"Ndaona," anatero amayi. "Palibe chochititsa manyazi pamenepo. Ndi pogona pa munthu wogwira ntchito. Koma tamvera. Chinthu chako chija chichoke pakhonde panga. Ukaweruka uziimba chonchi, uli m'nyumba mwakomo, undione nanenso ndikuone."

"Nanga mukadzagwanso?"

"Ndikadzagwa adzanditola anthu amene ali pafupi. Iwe uli ku Joni ungadzanditole? Ndipo anthuwo wawathamangitsa ndi chinthu chakocho."

Achemwali anapukuta mphuno ndi mkono wa juzi. Anati chabwino, koma thumba asamanyamule. Amayi anati thumba ndi nkhani ina.

M'mawa mwake ndinakwera pampando n'kumasula kamera. Amalume anaipempha kuti iziyang'ana mosungira mpunga, ndipo kuiyika kumeneko kunali kosavuta, poti njira zonse ndinali nditazidziwa ngati za kumunda. Ndinasintha adiresi yake, kufufuta mzere wa kunyumba paseva ya mnzanga, n'kulemba wa kusitolo. Foni ya achemwali ndinaichotsamo, atandiuza okha kuti matumba a amalume alibe nawo ntchito. Rauta ya pawindo inatsala, kuti mafoni a vidiyo azigwira m'nyumba. Mphasa inabwerera pakhonde patapita masiku angapo, ndipo osenda chinangwa anabwerera mmodzimmodzi, woyambayo atayang'anitsitsa kaye mabowo a misomali pansi pa denga.

Amalume ndi munthu wosasunga nkhani. Ankaonetsa aliyense wobwera kusitolo matumba awo pafoni, ndipo posakhalitsa ndinayamba kuitanidwa. Mwini malo ogona alendo kunyanja anali ndi marauta atatu olimbirana manambala. Wina wa chigayo ku Mwadzama ankafuna kuona makina ake ali kuboma. Ndinkakwera kabaza ndi laputopu pamsana, kukafika, kutsegula tsamba, n'kupeza mavuto omwe aja atangovala malaya ena. Mmodzi mwa anthu amenewa ndi amene ananditchula kwa m'bale wake ku Dwangwa, amene ankafuna munthu woyang'anira makompyuta a mu ofesi yawo yaing'ono. Mvula isanayambe ndinanyamuka. Mdzukulu wa amalume, mayi wa ana awiri amene banja lake linali litatha, anabwera kudzakhala ndi amayi, ndipo amagwirizana kuposa mmene ankagwirizanirana ndi ine.

Ndisanachoke ndinawagulira amayi foni yawoyawo n'kuwaphunzitsa kuyankha ndi kuimba. Kuimba anadziwa msanga. Kugwira foni ndiye mpaka lero sanazolowere. Akandiimbira ndimaona chipumi chawo, m'mphepete mwa mpango, ndi mitengo ya denga. Ndikawauza kuti atsitse foni pang'ono, amati iwo akundiona bwinobwino, ndipo ndaonda, kodi ku Dwangwa kulibe chakudya.